Mlenje Amene Anasenza Mlamu Wake

Mlongo wanga Talum sanali munthu woti n'kumukonda tsiku loyamba. Anali wamfupi, wa miyendo yamatewe, ndipo mawu ankachita kuwaumira ngati mchere. Ukamufunsa kuti kuphiri kunali bwanji, yankho linali lakuti, "Kunali." Ine Mulas ndine wamkulu kwa iye, ndinamulera ndine amayi akakhala kumunda wa mawere, choncho ndili ndi ufulu womunena. Koma wina asayerekeze.

Anabadwa chaka chimene asilikali a ku Japan anatitsitsa ife a mtundu wa Bunun, kuno ku Taiwan, kuchoka kumidzi yathu yakale ya pamwamba pa mapiri n'kutikhazika m'chigwa muno mwa udzudzu. Akuluakulu anatsika matupi okha, mitima inatsalira komweko, ndipo mwana wamwamuna akangolimba miyendo ankamutenga kukamuonetsa njira. Talum anapita koyamba ndi amalume athu a Vilian, munthu wofatsa amene ankamukonda kuposa ana awo obereka. Anabwerako mapazi atang'ambika ndi chisanu, ndipo kuyambira pamenepo kumunda ankangopitako poopa pakamwa panga.

Anapita ndi amalume chifukwa bambo athu kunalibe. Anagwera m'phompho akulondola gwape, Talum akuyamwa. Mwambo wake aliyense ankaudziwa: munthu wofa imfa yoipa, wogwa, womira kapena wogwidwa ndi chimbalangondo, sabwera naye kumudzi. Amene wamupeza amamukwirira pomwepo mofulumira, n'kuchoka osacheuka. Salira maliro ake, dzina lake satchula. Ndipo womusenza amasenza ndi minyama yomwe, n'kukaigawira aliyense wodya naye. Amayi athu anakalamba opanda manda oti akapalire. Madzulo ankaima kuseri kwa nkhokwe n'kumayang'ana kumtunda, osadziwa ngakhale phiri loti aliyang'ane. Talum anakula akuwaona ataima pamenepo.

Gwape wa m'mapiri athu a Taiwan ndi chinyama, wamphongo amaposa mwana wa ng'ombe, nyanga zili mphanda mphanda. Amakhala kumene mitengo imathera, m'nsungwi zofika m'chiuno, ulendo wa masiku angapo m'njira yoti mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Talum ankati kupha si nkhani, nkhani ndi kutsitsa. Nyama ankaiwamba komweko, n'kuilonga m'chikwama cha ukonde, lamba wake pamphumi. Akafika pachitunda chotsiriza, pamene madenga a mudzi amaonekera, wosenza ankaimba mfuu yaitali yokwera ndi kutsika. Ife amayi tikaimva tinkasiya chilichonse, n'kuthamanga ndi zipanda za mowa ndi madengu kukawalandira katundu.

Talum sankaimba. Mawu ake anali a chule wachimfine. Woimba anali amuna anga, a Husung, chimunthu chachitali, cholongolola, chimene mfuti inkachikana. Anthu awiriwa anayenda limodzi kuyambira chaka chimene ndinakwatiwa, wina kuwombera, wina kusenza ndi kuimba, ndipo sindinawamvepo akulankhulana mwaulemu.

"Alamu," ankatero Talum, "mfuti yanuyo mukanawapatsa achemwali azivundulira mowa."

"Iwe kafupi, popanda ine bwenzi agwape akukupondaponda osakuona. Amene amakuwolotsa mtsinje paphewa ndani?"

"Kamodzi kokha."

"Kamodzi? Mulas, tamumva mlongo wakoyu! Kanali kukhwapa kuno ngati kankhuku kogula, kali phiriphiri."

"Nanga gwape uja munamuphonya ali chigonere?"

"Ndinamumvera chisoni. Anali ndi nkhope ngati yako."

Ine ndinkawathamangitsa onse awiri ndi chipande, kuti ngati alibe ntchito akatole nkhuni. Anali ndi agalu awiri, onse a Talum: Tumaz wakuda, ndi wamkazi wofiirira dzina lake Salu. Agalu amenewo anali odziwika mpaka midzi ya tsidya. Gwape akamuyamba sankamusiya mpaka atamuimika m'madzi, ndipo Talum ankawadyetsa iye asanadye, zimene mkazi wake Langus ankadandaula nazo tsiku ndi tsiku.

Pa nthawi imene ndikunenayi tchalitchi chinali chitafika kale. Tinkaimba nyimbo za Mulungu, a Husung ali patsogolo, ndipo akufa tinkawaika kuseri kwa tchalitchi. Koma za kuphiri zinali za kuphiri. Dikoni yemweyo wopemphera Lamulungu, mwana akayetsemula pamene akunyamuka ulendo wa uzimba, ankatula chikwama n'kukhala pansi mpaka mawa.

Ulendo umenewo palibe anayetsemula. Inali nyengo yozizira, mawere tili titakolola. Talum analota bwino, kambalame ka panjira kanalira mbali yabwino, zonse zinali m'malo mwake. Tsoka silinunkha. Ananyamuka m'mawa akukangana za amene waiwala mchere, agalu ali patsogolo.

Anachedwa kubwera, koma sindinade nkhawa kwenikweni. Kuchedwa kunkatanthauza nyama yambiri. Tsiku lina dzuwa litapendeka ndili pamtondo, ndinamva mfuu kuchitunda. Inayamba bwino, kenaka inasweka pakati ngati nsungwi youma. Amayi a nyumba yoyandikana nayo anatulukira akuseka.

"Mulas, amuna ako adya chiyani kuphiri?"

"Si amuna anga amenewo," ndinatero, nanenso ndikuseka. "Ndi kafupi. Ayenera kuti anabetcherana."

"Ndiye kuli nyama lero! Mpaka Talum kuimba?"

Ndinatenga chipanda cha mowa wa mawere umene ndinawafululira, Langus anatenga dengu, ndipo tinakwera gulu lonse la amayi, ena ana kumsana, tikunthabwala za mawu a mlongo wanga. Oyamba kukumana nafe anali agalu. Sanatilumphire monga mwa masiku onse. Salu anangondinunkhiza mwendo n'kubwerera kumene anachokera.

Titakhota pathanthwe lalikulu tinamuona Talum atagwada pakati pa njira, lamba akadali pamphumi, khosi lili gwa. Katundu anali atamukulunga m'bulangete, koma anali wamtali kuposa bulangetelo. Kunsi kunatulukira mapazi. Nsapato za mphirazo ndinazidziwa, zinali za a Husung, chifukwa chigamba cha kuchala chachikulu ndinasoka ndine.

Sindikumbuka kuti chipanda chinagwa liti. Ndikukumbuka madengu akugubuduka, amayi akuthawa chotsetsereka atatseka ana m'maso, osalira n'komwe, poti imfa yotere salira. Langus anathawa pang'ono n'kuima patali, manja ali pamutu.

"Talum! Watipusitsa! Waimbiranji?" anakuwa Langus.

Mlongo wanga anadzutsa maso. Milomo inali itang'ambika, pamphumi lamba atadya mnofu.

"Maondo andithera," anatero. "Ndikanafuula za maliro, mukanabwera?"

Zimene zinachitika anandiuza pambuyo pake, pang'onopang'ono, monga ankalankhulira. Anawombera gwape wamphongo tsidya la chigumukire cha miyala. A Husung anati awoloke akayambe kusenda. Ali pakati miyala inayenda, n'kupita nawo. Talum anatsika m'phomphomo pogwira mizu, ndipo anawapeza akupumabe, msana utathyoka. Anawafunditsa, anawamwetsa madzi. Akuti anatsegula maso, n'kumuyang'ana, n'kunena kuti, "Kafupi, lero ndiwe undinyamule." Talum sanadziwe ngati inali nthabwala kapena pempho, ndipo sanathe kufunsa, chifukwa sanalankhulenso. Gwape uja anamusiyira akhwangwala, chinthu chimene mlenje sachita. Anamanga mlamu wake m'ukonde wa nyama n'kuyamba kukwera.

Njira imeneyo ine sindinaiyendepo, koma amene amaidziwa amati pali malo oti munthu wopanda katundu amadutsa chokwawa. A Husung anali olemera kuposa gwape aliyense amene Talum anasenzapo. Sindidziwa kuti anatha bwanji, ndipo nditamufunsa anangoti, "Ndinkapuma."

Tili pachitundapo anafika amalume a Vilian, akupuma movutikira, ndodo m'manja. Anaima poti mthunzi wawo usakhudze bulangete. Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Mwana wa mlongo wanga, wachita chiyani?" anatero, misozi ili mbwembwembwe. "Si ine ndinakuphunzitsa? Chabwino, zachitika. Pano si pamudzi. Tikumbe pompano, ine ndikuthandiza ndi manja angawa. Ukasambe kumtsinje, ukhale kunja kwa mudzi mwezi uno, anthu adzaiwala. Koma ukangodutsa naye pansungwi za polowera m'mudzi paja, ine sindidzatha kukuteteza."

"Amalume, bambo anga ali kuti?"

"Usatchule zimenezo."

"Ndikufunsa. Ali phiri liti? Amayi anafa akufunsa."

Amalume anangoweramitsa mutu.

"Achemwali sadzaima kuseri kwa nkhokwe," anatero Talum. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Mukufuna agone kuti?"

Ndinamva zonse zimene amalume ananena, ndipo mtengo wake ndinaudziwa. Koma munthu amene wangoona mapazi a mwamuna wake sawerengera za mawa. Ndinati, "Kwathu." Ndinagwira miyendo, iye anadzuka ndi lamba wake. Abusa athu, mnyamata wochokera mudzi wakutali, anatichingamira pansungwi paja n'kugwira pakati. Tinalowa m'mudzi anthu atatu ndi agalu awiri, zitseko zikutsekeka kutsogolo kwathu.

Tinawaika kuseri kwa tchalitchi. Manda anakumba Talum ndi abusa. Pamaliro tinalipo ife, ana anga, ndi nkhalamba ziwiri zimene zinati zakula kale, minyama ingazitani. Langus anaima kumpanda. Koma ndinalira mokweza, ndinatchula dzina lawo mpaka mawu kundithera, ndipo palibe anandiletsa. Chimenecho amayi anga sanachilawe.

Pambuyo pake palibe amene anamunyoza Talum. Moni ankamupatsa, kutchalitchi ankakhala naye, ngakhale benchi lake linkachedwa kudzaza. Kungoti amuna akamapangana za uzimba, iye akafika nkhani inkasanduka ya mbatata. Ponyamuka anayamba kudzera njira ya kumtsinje kuti asadutse pakhomo pake. Iye anachita zonse zimene amalume anamuuza. Anasamba kumtsinje, anagona kukhumbi la kumunda, anapha nkhumba yake yokhayo kuti achotse minyama. Anadikira chaka chathunthu osakhudza mfuti, akulima ngati munthu wolangidwa.

Chisanu chitabweranso anapita yekha ndi agalu ake. Langus anamugwira mwendo, ine ndinamutukwana, koma anapita. Anabwera ndi gwape wamphongo wonenepa, mafuta ali chikasu, atamusenza yekha osaimba. Tinangoona watulukira pabwalo. Anayala masamba a nthochi n'kugawa monga mwa mwambo, nyumba iliyonse mulu wake, ntchafu yonse ya kwa amalume, poti a kuchimake ndiwo amadya poyamba. Atatha anasamba m'manja n'kukhala pachitsa.

Dzuwa linasuntha. Ntchentche zinabwera. Ana ankasuzumira m'mipanda, malovu ali chuchuchu, amayi awo n'kuwakokera m'nyumba. Abusa anadzatenga mulu wawo n'kuthokoza mokweza kuti mudzi wonse umve, koma abusa sapita kuphiri, aliyense ankadziwa zimenezo. Potsiriza Talum ananyamula ntchafu ija yekha, ine ndikumutsatira.

Amalume anatuluka, manja atabisa kumbuyo.

"Amalume, nyama yanu."

"Ndaiona, mwanawe. Ndi yabwino. Waiwombera pabwino."

"Landirani."

"Talum, ndili ndi ana opita kuphiri. Ndili ndi adzukulu. Ndikadya, mawa wina n'kuterereka, ndidzati chiyani kwa amake?"

Apa ine mtima unandiwira. "Amalume, Lamulungu mumaimba kuti Yesu anagonjetsa imfa. Anagonjetsa ya m'chigwa yokha?"

"Mulas, mwana wanga, iwe unapeza chimene unkafuna. Tisiye ife tiope."

Talum anaima kanthawi ndi ntchafu ija m'manja, kenaka anawerama mwaulemu n'kubwerera.

Tinatuta milu yonse kupita nayo kwanga, poti Langus nayenso anati m'nyumba mwake isalowe, ali ndi ana aamuna. Ndinaphika mphika waukulu wa pa ukwati. Ndinadya, ndinawonjezera, ndinadyanso mpaka m'mimba kundipota, kuti pasapezeke wonena kuti nyama ya mlongo wanga inaola. Iye anangokhala pakhomo n'kumandiyang'ana.

"Basi achemwali, mudzipweteka."

"Ndikudya. Ukundiwerengera?"

"Simungathe gwape nokha." Kenaka anati, "Munthu wopha nyama yoti anthu sadya si mlenje. Ndi wongopha."

Mfuti anaikoleka tsiku lomwelo ndipo sanaitsitsenso. Anafuna kuipereka kwa mwana wa amalume, koma nayonso inakanidwa. Inachita dzimbiri pakhoma.

Ndinene mosabisa: chimene chimandiwawa mpaka lero si imfa ya a Husung. Imfa ija ndinailira, inapola monga zipolera zilonda. Chimandiwawa n'chakuti ine ndinapeza manda opalira, pamene mlongo wanga anataya phiri, ndipo sanandiuzepo ngakhale tsiku limodzi kuti ndinamulakwira. Anakhala zaka zambiri pambuyo pake akulima kabichi ndi mapichesi, mlimi woipa kwambiri amene ndinamuonapo. Mwambo uja unatha pang'onopang'ono, moti adzukulu a omwe anatseka zitseko lero amatsitsa anzawo ovulala ndi akufa popanda wofunsa. Koma unatha iye maondo atauma kale. Anamwalira pamphasa pake, imfa yabwino, mudzi wonse unabwera, ndipo ena analankhula zoti anali mlenje wamkulu. Ndinawayang'ana mpaka anakhala pansi.

Koma ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa pali za agalu.

Mfuti itakolekedwa, Tumaz ndi Salu sanamvetse. Amuna akamadzera kumtsinje, iwo ankamva fungo la onga n'kuyamba kulira, kukoka zingwe mpaka makosi kunyuka. Anayamba kukana chakudya. Salu anaonda nthiti kuwerengeka. Ndiye tsiku lina kunabwera Bukun, mwana wamkulu wa amalume, akukanda m'mutu, n'kuima kunja kwa mpanda.

"Achimwene, agaluwa akuvutika."

"Ndikuona."

"Akuluakulu akuti galu alibe minyama. Ndiye timati, kapena, mukanatibwereka."

Ine ndinali pomwepo ndikusankha nyemba ndi Langus. "Alibe minyama? Agalu omwewa anagona pambali pa mtembo njira yonse! Nyama yake ayi, mfuti yake ayi, koma agalu ake eee? Manyazi mulibe?"

"Achemwali," anatero Talum, "asiyeni." Anamasula zingwe n'kuzipereka pamwamba pa mpanda. "Salu musamamumenye, amamva mawu. Tumaz adye poyamba, apo ayi alimbana."

M'mawa mwake ndinapita kwa Langus kukabwereka sefa. Alenje anali akunyamuka, ndipo ulendo uno anadzera njira ya kumtunda, poti agalu anakana ya kumtsinje. Atafika pakhomo pa Talum, agalu aja anapulumuka m'manja mwa Bukun n'kudzakhala pachipata, michira ikusesa pansi, maso ali pachitseko. Ankadikira mwini wawo atuluke ndi chikwama. Bukun anaitana, anaimba likhweru, anakoka, koma agalu ali phee. Amuna onse anaima chapatali, aliyense akuyang'ana zala za kumapazi.

Talum anatuluka ndi khasu paphewa. Agalu anadumpha ndi chimwemwe.

"Pitani," anatero.

Salu anagona chagada kuti amukande pamimba.

"Ndati pitani! Choka!"

Sanasunthe. Ndinamuona mlongo wanga akutula khasu, akuwerama, akutola miyala. Woyamba anaponya pambali, wachiwiri pambalinso. Agalu anangopendeketsa mitu, kuyesa masewera. Wachitatu sanaponye pambali. Unamupeza Salu m'nthiti, ndipo analira kamodzi, n'kuthawira kumene kunali alenje, Tumaz pambuyo. Pokhota njira Salu anaima n'kucheuka, mwendo umodzi uli m'mwamba. Talum anatolanso mwala wina n'kuukweza kuti auone.

Anakhala choncho, dzanja lili m'mwamba, mpaka onse anabisika m'nsungwi. Ndinapita n'kumugwira mkono kuti autsitse, ndipo ndinachita kumufumbatula chala chimodzichimodzi kuti mwalawo ugwe.